Botolo la Mpweya wa Kuphiri

Lolemba

Mwana wanga Tiyamike waimba foni kuchokera ku Salima. Nyimbo ndi yomwe ija: "Amayi, mwakula, mapiri a ku Mverawo akutopetsani mtima. Bwerani kuno kuchigwa." Ndakana. Nyumba ndi yanga, mapichesi ndi anga, manda a bambo ake ali pompano. Tapangana chonchi: Loweruka amayi a mpingo akukwera phiri kukapemphera. Ndikafika pamwamba ndi miyendo yanga, andisiya. Ndikalephera, Lamulungu abwera ndi galimoto.

Sindikuopa. Sayansi ndaphunzitsa mpaka kupuma pantchito. Mpweya uli ndi kulemera kwake. Kuchigwa ndi wothinana chifukwa wapsinjidwa ndi unzake wa pamwamba. Ukamakwera umapezeka womwazikana, thupi limalandira wochepa, mtima n'kumathamanga kuti ukwanitse. Mankhwala ake ndi kulizolowetsa thupi.

Dongosolo:
- kukwera tsiku lililonse, kuonjezera pang'ono
- kuwerenga kugunda kwa mtima pa mphindi
- botolo lapulasitiki lopanda kanthu: kulitseka pamwamba, kutsika nalo, mpweya wa pansi ulifinye. Tiyamike aone kuti mutu ukugwirabe.

Mtima ndili pakhonde: 78.

Lachiwiri

Pamjigo: 104. Pamwala waukulu kumtunda kwa minda ya mbatata: 121. Ndakhala pansi.

A Nachisale, anzanga amene amandiposa ndi zaka ziwiri, akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, akuimba. Akuimba!

"Aphunzitsi, mwataya chiyani pamenepo?"

Ndikuwafotokozera za kuchepa kwa mpweya. Akuti iwo sunawathereko chibadwire.

Botolo ndalitsekera pamwalapo, ndatsika nalo. Palibe chachitika. Lili tototo ngati latsopano. Mtunda wachepa, basi.

Lachitatu

Mawondo: awiri. Odandaula: onse.

Mwala womwe uja. Ndikugwedeza botolo m'mwamba kuti mulowe mpweya wa pamenepo, ndikutseka molimba. Sindikudziwa kuti anthu a m'minda aleka kulima, akundionerera.

Pofika masana mudzi wonse wamva kuti aphunzitsi akutunga mpweya wa kuphiri la mapemphero. Amayi atatu ali pakhomo ndi mabotolo awo. Wina amuna ake akutsokomola, wina mwana wake akulemba mayeso, wachitatu sakunena chifukwa. Ndikuwauza bwinobwino kuti mpweyawo ndi womwewu, kungoti ndi wopepuka kusiyana ndi wa pansi.

"Eya! Si zimenezo! Ndi wosiyana."

Zimenezo ndanenadi. Koma sindinanene zimenezo.

Lachinayi

Lero ndapitirira mwala, ndafika pamzere wa bulugama: 128. Mutu ukulira ngati muli njuchi. Pobwerera ndikuona ngati botolo lalowa pang'ono mbali imodzi. Mwina. Ndaliika pawindo kuti ndikamwa tiyi ndiliyang'ane ndi mandala.

Ndikutuluka m'khichini, pawindo palibe. A Nachisale ali kukhola kwawo, alitsegulira pamphuno pa mbuzi yawo imene yagona kuyambira dzana.

"Madalitso saumira, aphunzitsi."

Mbuzi yadzuka. Yadzukadi, ikudya. Mbuzi iliyonse ingadzuke munthu ataifinyira botolo pamphuno, koma palibe akundimva.

Mabotolo osiyidwa pakhonde: asanu ndi anayi, kuphatikizapo chigubu cha mafuta ophikira.

Lachisanu

Tsiku lopumitsa thupi, malinga ndi dongosolo. Ndapuma? Ayi. Amayi a mpingo abwera kudzandiuza kuti mawa tikwera osadya, ndi kusala. Zimenezi m'dongosolo mulibe.

Foni ikulira kuchipinda, ine ndili kudimba. Ndikuthamangira. Ndi Tiyamike.

"Amayi, mukupuma bwanji choncho?"

"Ndi netiweki."

"Munatiphunzitsa nokha kuti kuchigwa mpweya ndi wochuluka. Bwanji osabwera kumene uliko?"

Mwa ana onse amene ndinawaphunzitsa, womvetsera anali mmodzi yekha, ndipo ndi ameneyu.

Ndilembe zoona, poti palibe awerenge. Phiri lathuli si lalitali moti n'kudwalitsa munthu. Odwalitsa ndi mapiri akutali aja, ozizira mpaka madzi kuuma. Lathuli ana amadyetsako mbuzi. Koma kunena mpweya kuli ndi ulemu kusiyana ndi kunena zaka.

Loweruka

Chifunga, mphepo, mimba yopanda kanthu. Mabotolo onse andimangira m'chitenje kumsana, akuti ogwira ntchito ndi otsekedwa ndi dzanja langa. Ndikukwera ngati wogulitsa palafini.

Nyimbo! Sindinaiwerengere nyimbo. Munthu wofuna mpweya wokwerera sautaya poimba, koma akuti yoyamba ndiyambitse ine, monga wamkulu wa mabotolo.

Mjigo. Mwala. Bulugama. Kupitirira bulugama! Ndikugwira pamkono kuti ndiwerenge: makumi atatu, makumi atatu ndi chimodzi, makumi atatu. Ndasokonezeka. Ine, kusokonezeka powerenga. Miyendo yakhala pansi yokha osandifunsa.

Pamwamba pakuoneka, mwina kutalika kwa mabwalo awiri a mpira. Ndikuti andisiye ndipume. Sakumva. Andigoneka m'chitenje, amayi anayi agwira m'makona, a Nachisale patsogolo akutsogolera nyimbo. Ndafika pamwamba chagada, ndikuona mitambo yokha.

"Musadandaule, mwana wanu sitimuuza."

Koma mlembi wathu wajambula kale kanema pafoni, watumiza kwa onse a kwathu okhala kutali monga umboni wa chikondi cha mumpingo. Tiyamike wayankha tisanatseke pemphero: "Longedzani."

Mabotolo ndatseka onse. Potsika eni ake awalanda n'kuthamangira kwa odwala awo, sindinaone ngakhale limodzi ngati lafinyika.

Lamulungu

Zikwama zitatu, mtondo umodzi, nkhuku ziwiri. Makiyi ndasiyira a Nachisale, pamodzi ndi mapichesi, amene akanadya ndithu ngakhale osawapatsa. Kumanda ndapita, ndasesa, ndatsanzika.

Ndisanakwere galimoto ndatola botolo limodzi lotsala m'nyumba, ndalitsekera pakhonde langa. Chifukwa chake sindikudziwa.

Msewu ukutsetsereka, mapiri akutsalira kumbuyo. Makutu atseka, ndikumeza malovu, atseguka. Kutentha kwayamba. Tikuyandikira Salima, ndikumva "phwa" pamiyendo panga. Botolo lafinyika lokha, mbali zonse ziwiri, monga mmene ndinkauzira ana zaka zonse zija osalionapo ndi maso.

"Tiyamike, taona! Taona!"

"Amayi, ndikuyendetsa galimoto."

Mtima ndili pakhonde la eni: 74. Ndikupuma bwino, ndipo zikundinyansa.

Botolo lili pawindo, lopindika ngati mwini wake. Mpongozi wanga wafunsa ngati angalitaye, poti mulibe kanthu. Ndamuuza kuti asalikhudze.