Bateriya Yofunda Mabulangeti

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti, "Ukagula chinthu chabwino, a khomo loyandikana asadziwe." Ndinawamvera mpaka ndinatsala pang'ono kuotcha nyumba.

Kale bateriya yosunga magetsi ndinkaiona kwa bwana wa ku migodi kumene ndinkachapa zovala. Ngakhale kuipukuta fumbi sankandilola. Lero zatsika mtengo, moti mwana wanga Luisa anandigulira yanga ndi kuilumikiza ku jeleira yoziziritsa zakudya ndi chopemerera mphepo.

"Amayi, muisiye poyera, imafuna mpweya," anatero pochoka.

Poyera? Kuno ku Matema? Komadre Fatima, mnansi wanga, amadziwa ndiwo zanga ndisanavundukule mphika. Luisa atangokhota pa ngodya, ndinaikankhira pansi pa bedi. Kanyali kake kobiriwira kankaonekabe, ndiye ndinaifunditsa chitenje. Chitenje chinali chopyapyala, ndinawonjezera mabulangeti awiri a ku Angónia (mu Okutobala, m'Tete muno, mmene ngakhale mbuzi zimakana kuyenda masana).

Tsiku lina masana magetsi anathima bairo yonse, dera lathu lonse la Matema. Kwanga chopemerera chinangopitiriza kuzungulira. Ndinatseka mawindo kuti anansi asachimve, n'kutuluka kukadandaula nawo za kutentha, monama. Posakhalitsa m'nyumba munayamba kulira tswii, tswii, kenaka fungo la bulangeti lopserera.

"Komadre, mwatsekera mwanapiye kuchipinda?" anafunsa a Fatima.

"Ndi mbewa."

"Mbewa zanu zimasuta?"

Asanamve yankho anali atalowa kale, ena pambuyo pawo. Anafundukula mabulangeti, bateriya ili juu ngati mbaula. Anaikokera poyera n'kumaipemerera ndi chivundikiro cha poto mpaka inatonthola. Chinsinsi changa chinathera pomwepo.

Ndinadikira akuba. Amene anabwera ndi anthu ogwira matelefoni m'manja. Tsopano magetsi akathima amandandalika pakhonde panga, "agogo" uku, "agogo" uko, ine ndili pampando, ndikusankha woyamba kutchaja. Wakuba adzere pati? Mwini telefoni aliyense maso ake amakhala pa chitseko changa. Alonda a ulere, ngakhale bwana uja analibe otere.

A Fatima ndimawatchajira poyamba, poti anandipulumutsira nyumba. Koma sindinaiwale kuti kuchipinda kwanga anafikako osafunsa njira.

Mukamadutsa ku Matema mudzandizondeko, ndine wokalamba. Mudzaime pa geti, mutchule dzina, manja ndiziwaona.