Tsiku Limene Pikapu Yanga Inakana Kukhala Chete

Mpaka lero ndikaona masamba atayalidwa pamsewu, dzanja langa limathamangira lokha ku wayilesi, ngakhale wayilesiyo ikhale yozimitsa kale. Ana anga amaseka, amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Zinayambira ku Lungwena zimenezi.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi. Ndinali nditangosiya ntchito yoyendetsa galimoto za boma n'kugula kapikapu kangakanga pa okushoni, koyera, kothothoka penti, chitseko cha kumanzere chomangira chingwe. Ndinkanyamula madengu a usipa ndi utaka wouma kuchoka ku madoko a ku Lungwena kupita nawo pa boma pa Mangochi. Ine kwathu ndi ku Dedza, nyanja ndinaionera kuukulu, ndipo mwina n'chifukwa chake inandizunguza mutu. Ndikamayendetsa, maso anali pamsewu koma mtima unali kwina.

Kwinako kunali Edina. Anali mwana wa banja la asodzi, ankasoka pa makina pakhonde la sitolo ina, ndipo akafuna nsalu pa boma ankakwera pikapu yanga, kutsogolo. Nkhani ya ukwati tinali titayamba kuinong'ona. Chotsala chinali chimodzi: kukaonekera kwa amjomba ake (kumeneko malume amati mjomba), a Matiya, mwini chilimira, ukonde waukulu wophera nsomba, komanso mkulu wa mpingo, munthu wosachuluka mawu. Iwo akakana, basi, nkhani yatha.

Tsiku lina tikudutsa pa Malindi, Edina anayasamula n'kunena kuti, "Koma galimoto yanuyi ndiye ili zii ngati kumanda. Simuikamo kanyimbo bwanji?"

Ananena mongocheza, n'kuiwala. Ine sindinaiwale. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulota ndili maso. Ndinkationa tili awiri, tikuyenda pang'onopang'ono, mphepo ya mwera ikukupiza duku lake, gitala wa ku Zaire akulira mokoma, asodzi akusiya kusoka maukonde n'kumafunsana kuti kodi mkamwini wa ndani ameneyu. M'malotomo chitseko chinalibe chingwe, ndipo galimoto sinkanunkha usipa.

Ndinapita kwa Che Yusufu, fundi wa mawayilesi kuseri kwa msika wa pa boma. Mukadayembekeza kuti fundi andibweza. Ayi ndithu, ndinapeza mnzanga wolota kundiposa.

"Achimwene, mwafika pakhomo pake," anatero. "Galimoto imeneyi tiiphunzitsa kulankhula."

Tinayamba bwino. Tinasankha wayilesi ya m'galimoto yokhala ndi kaseti, yakale koma yowala, yokhala ndi kabatani kamodzi kopotokola: ukapotokola kamayatsa, ukapitiriza kamakweza mawu, ukabweza kamazimitsa. (Kabatani kameneka mukasunge m'mutu.) Pamenepo munthu wanzeru akadalipira n'kumapita. Koma titayesa, mawu ake anamira m'phokoso la injini, ndipo Che Yusufu anapukusa mutu ngati waona mwana wonyentchera.

Anatulutsa masipika awiri aakulu ochokera mu gumbagumba ya munthu wina wobwera ku Joni, n'kuwakhomera kuseri kwa mpando. Masipikawo anafuna mphamvu, ndiye panabwera kabokosi kokweza mawu, kamene iye ankakatcha ampu. Titayatsa, mpando unanjenjemera, fumbi la usipa linatuluka m'ming'alu yonse. Ine misozi inalengeza.

"Walahi, m'katimu zatheka," anatero fundi. "Nanga akunja alakwa chiyani?"

Analowa m'kachipinda n'kutuluka atakumbatira chimkuzamawu, chija chonga lipenga chimene chinkakhala pamwamba pa galimoto zolengeza misonkhano. Ndinachiyang'ana, nacho chinandiyang'ana. Ndinaona kale Edina akundimva ndili kutali, akuimitsa makina, akumwetulira yekha. Tinachimangirira padenga.

Kenaka panabwera funso limene linandipha.

"Mukufuna iziyimba injini ikamalira basi, kapena ngakhale mutazimitsa?"

Ndinatseka maso. Ndinaona galimoto itaima pansi pa mtengo wa mango, injini ili chete, ine ndi Edina titakhala pa boneti tikudya chinangwa chootcha, nyimbo ikutsika pang'onopang'ono.

"Ngakhale nditazimitsa," ndinayankha.

"Ndiye kiyi timulambalala. Tilumikiza ku batire kwenikweniko."

Anabisa mawaya onse bwinobwino mkati mwa zitsulo kuti asaoneke, ntchito yaukhondo zedi. Ndinamuthokoza ndi manja awiri.

Loweruka lokaonekera linafika. Ankhoswe anga anali atsibweni anga a Zakeyu, amene anabwera pa basi kuchokera ku Dedza atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Atsibweniwa khutu limodzi linapuma kalekale, linalo linkagwira ntchito mwaganyu. Galimoto ndinaitsuka ndi sopo wosambira, ndinaika kaseti ya rumba, tinawoloka mlatho wa Shire dzuwa litakwera.

Abale anga, ulendo umenewo unali wokoma! Nyimbo inkatitsogolera ngati mthenga. Chimene sindinaganizire n'chakuti masiku amenewo galimoto yokhala ndi chimkuzamawu padenga inkatanthauza chinthu chimodzi chokha. Anthu a panjinga ankatsika n'kuima m'mbali. Bambo wina anapisa m'thumba n'kukweza khadi lake la chipani kuti ndilione. Amayi ena pa mjigo analuluta, mwina poopa kuti akapanda kululuta afunsidwa. Ine m'malo mochita manyazi ndinkakweza dzanja pawindo. (Inde, ndinkabayibitsa. Musandiyang'ane choncho.)

"Mphwanga, ikuyimba kodi?" anafunsa atsibweni.

"Ikuyimba, atsibweni!"

"Kwezako, ndimveko nane."

Sanadikire. Anagwira kabatani kaja ndi dzanja lawo la khasu, anapotokola mpaka kumapeto, n'kupitirizabe. Ndinangomva kuti thyo! Anakayang'ana kali m'manja mwawo, n'kukaika m'thumba la jekete mwaulemu.

"Eya, tsopano ndikumva," anatero.

Kachitsulo kake kanathyokera mkati, zala sizikadafikako. Ndinadzitonthoza kuti tikafika tiona chochita. Ndipo titangokhota kulowa kanjira ka kwa a Matiya, ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Aliyense amadziwa tanthauzo lake. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda ngati akuponda mazira, ndipo wayilesi imazimitsidwa. Masiku amenewo kunalibe foni yoti munthu akuuze kuti usabwere. Agogo ake a Edina, mayi awo a Matiya, anali atatisiya dzulo lake. Kanjirako kanali kopapatiza, mipanda ya bango uku ndi uku, kumbuyo anthu opita kumaliro atatseka kale. Ndinatulukira pabwalo la siwa pamene bokosi linali litangotulutsidwa m'nyumba, rumba ili pakati penipeni, pamene woyimba amakuwa kuitana ovina.

Nyimbo ya amayi a mpingo inaduka. Mitu yonse inatembenuka.

Ndinazimitsa injini. Nyimbo inamveka bwino koposa. (Ndi zimene ndinapempha, si choncho?) Ndinamenya wayilesi ndi chibakera, sinamve. Mtsogoleri wa mwambo anaima Baibulo lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Thukuta linanditsika mpaka m'masokosi. Pamenepo nzeru inandifikira: tulutsa kaseti! Ndinadina, kaseti inalumpha, ndipo kwa kamphindi kunali zii. Ndinati Mulungu wandikumbukira.

Koma mawayilesi aja ukatulutsa kaseti amabwerera okha ku nyumba youlutsira mawu. Ndipo nyumba youlutsira mawu inali imodzi. Ndipo tsiku limenelo inkaulutsa msonkhano. Kuchokera padenga la pikapu yanga, pamwamba pa bokosi la agogo, panatuluka mawu amene mwana aliyense m'dziko muno ankawadziwa. A Pulezidenti anali akulankhula.

Ndinatsika ndi sipanala, ndinatsegula boneti kuti ndichotse waya wa ku batire. Dzanja lina linagwira mkono wanga mofatsa. Anali tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene pamaliro aliwonse sankasowa.

"Achimwene," ananong'ona, "mukufuna kuwadula mawu?"

Ndinayang'ana sipanala. Ndinayang'ana anthu. Panalibe amene anandiuza kuti zimitsa, panalibenso amene anandiuza kuti usazimitse. Aliyense anapeza chinthu choyang'ana pansi. Amene munabadwa pambuyo pake simungamvetse, koma munthu ankatha kusowa chifukwa cha zochepa kuposa zimenezo. Tcheyamani mwiniwakeyo ndinaona kuti naye ankafuna kuti chizime, koma osati ndi dzanja lake, ndiponso osati iye akuona.

Ndiye tinamvera. Bokosi analikhazika pa mabenchi pamthunzi. Adzukulu amene anabwera kudzanena kuti kumanda zonse zatheka anakhala pansi ndi makasu awo. A Pulezidenti ankalankhula Chingerezi, womasulira n'kubwereza m'Chichewa, ndiye chilichonse tinkachimva kawiri. Tinauzidwa za ulimi wa chimanga, za kupalira msanga, za ulemu kwa makolo. M'wayilesimo anthu akaomba m'manja, tcheyamani ankaomba, ndipo anamfedwa, misozi ili m'masaya, ankaomba nawo.

Atsibweni anandikoka malaya. "Anthu akunowa maliro awo ndi apamwamba," anatero mokweza. "Mpaka boma latumiza mawu?"

Edina ndinamuona pakati pa amayi, chitenje chili kumutu. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakwiye, bola akadakwiya. Anandiyang'ana ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anandionapo. Mtima unandipweteka zedi, chifukwa ndinadziwa kuti zonse ndinazichitira iye, ndipo ndinadziwanso kuti kunena zimenezo kukadangoonjezera mlandu.

Chimene chinatipulumutsa ndi batire langa lokalamba. Ampu ndi chimkuzamawu zinamwa mphamvu yake mpaka kuligwetsa. Mawu anayamba kuchepa, kunjenjemera, kukhala ngati akuchokera kutsidya kwa nyanja, kenaka anazimirira. Palibe anapuma. Tcheyamani anaimirira n'kuyang'ana mbali zonse.

"Tonse taona," anatero. "Palibe wagwira. Latha lokha."

"Latha lokha," khamu linavomera, ngati ameni.

Agogo anaikidwa dzuwa litapendeka. Tinaperekeza nawo, ine kumbuyo kwenikweni. Pobwera kumanda a Matiya anatiitanitsa kuseri kwa nyumba. Atsibweni anayamba kukonza kukhosi kuti anene chimene tinabwerera, ndinawaponda phazi.

"Mayi anga anali munthu wodana ndi phokoso," anatero a Matiya, maso ali pa ine. "Ngakhale tambala ankamuthamangitsa pakhomo. Lero mwawaperekeza ndi gule, mwawadikiritsanso padzuwa. Chija chili padengacho mutsitse, chitsale pano. Nkhani ina imene munabwera nayo mubwerere nayo."

Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa chaka chonse, anthu anatero. Chimkuzamawu ndinachimasula ndekha. Alovi awo, anyamata okoka chilimira, anakankha pikapu mpaka inalira, ndipo ndisanalowe ndinazula mawaya onse a Che Yusufu ndi manja. Tinabwerera ku boma tili zii. Pa mlatho atsibweni anapisa m'thumba n'kundipatsa kabatani kaja.

Edina anakwatiwa chaka chotsatira ndi mphunzitsi wina wochokera ku Ntcheu, munthu wa njinga yokhala ndi kabelu kakang'ono. Tsiku la ukwati ndinali ndi katundu wa usipa ku doko la pafupi. Ndikanatha kudzera njira ina, koma sindinatero. Ndinaimitsa galimoto patali, pansi pa mtengo wa mango, ndinazimitsa injini, n'kukhala pa boneti ndekha.

Nyimbo inkachokera kwa a Matiya, ikudutsa pamwamba pa mathandala oyanikapo nsomba, yoyera, yosasweka, gitala aliyense akumveka payekha. Chinali chimkuzamawu changa, atachipachika pamtengo pabwalo lomwe lija. Ndinatseka maso, ndipo kwa kanthawi zonse zinali monga ndinalotera: mthunzi, kamphepo, nyimbo, Edina akumwetulira. Kungoti ankamwetulira kutsidya kwa mpanda.

Mayi wina wogulitsa chinangwa anaima pafupi n'kumvetsera. "Koma ndiye chikumveka bwino chinthu chimenechi," anatero.

Ndinapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Ndinasankha ndine, mayi," ndinamuuza.