Timphira Tofiira ta Filomena

Anzanga, mukandiona lero ndikutsika njinga pamwamba pa chitunda chilichonse n'kumaikankha, mumati ndi mantha a ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndinayamba ndili mtsikana, ndipo chinandiyambitsa ndi nsanje. Akazi anzanga amachitira nsanje mwamuna, kapena nyumba yamalata, ine ndinachitira nsanje timphira ta mabuleki. Sekani ndithu, inenso ndimaseka, ngakhale bondo lakumanzereli silinaiwale.

Zinali zaka zija ufulu usanabwere, Ulongwe tikumutchabe Vila Coutinho. Ndinali nditangomaliza kolejiyo ya uphunzitsi n'kuyamba ntchito pa eskola ya misyoni kufupi ndi Fonte Boa. Njinga ndinali nayo, yakuda, yondisiyira achimwene anga, ya mabuleki a ndodo zachitsulo zija. Inali yaikulu msinkhu kuposa ana onse a m'kalasi mwanga, chishalo chomanga ndi luzi, koma tinene zoona, inali isanandigwetsepo. Timphira take ta mabuleki anachita kundidulira a Juliyasi, okonza njinga a pamsika wa ku Vila, kuchokera ku tayala lakutha la kamiyawu, lole yonyamula mbatatesi. Tinali tonyansa, takuda, tosalingana, ndipo ukagwira mabuleki tinkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Koma njinga inkaima pomwepo.

Ndiye kunabwera njinga ya Filomena. Filomena anali mphunzitsi mnzanga, makalasi athu ogundizana khoma, ndipo amuna ake ankagwira ntchito ku Joni. Atabwera kudzacheza anamubweretsera njinga yobiriwira, yachikazi, yopanda mtanda wapakati, mabuleki a waya, malimu onyezimira oti ungadziyang'anirepo pomanga duku. Ndipo pamene pa yanga panali zidutswa za tayala, pa yake panali timphira tofiira, tosalala, ngati maswiti a m'sitolo zija tinkati loja. Kunena chilungamo, Filomena sanandilakwire kalikonse. Sanadzitame, ankandibwereka pampu, ndipo mkazi amene mwamuna wake wakhala pansi pa mgodi zaka ziwiri ayenera kulandirako kena kake. Zonsezi mutu wanga unkazidziwa bwinobwino. Mtima ndiwo unali usanapite ku kolejiyo.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti pa chitunda chotsikira kudambo, chija chodutsa pachitsime, Filomena ankatsika njinga pamwamba n'kumaikankha pang'onopang'ono mpaka pansi, ulendo uliwonse. Ine ndinkangoti taonani matama, akufuna amayi onse a pachitsime aione mpaka sipoko iliyonse. Ndinkamudutsa nkhumba yanga ikulira, nkhope nditayang'ana kumbali.

Tsono panali a Sebastião, enfermeru, namwino wa pachipatala cha misyoni, amene tinali titamvana za ukwati. Tsiku lina tikutuluka mu misa anaima pa njinga ya Filomena, anaiyang'ana, anagwira mabuleki kawiri katatu, n'kunena kuti timphira totere sanationepo, anthu akudziwa kupanga zinthu kunjaku. Basi, mawu ake anali omwewo. Sanayang'ane Filomena, anayang'ana mphira. Koma ine ndinafika kunyumba nditafufuma ngati finye.

Ndipo nthawi yake inali yoipa, chifukwa Lamulungu lotsatiralo ndinayenera kukaonekera koyamba kwa amayi awo, a Nangozo, kumudzi wa kumunsi kwa chitunda chomwe chija. A Sebastião anali atandichenjeza kale kuti amayiwo sakukondwa nayo nkhani yathu. Ankati atsikana a ku kolejiyo mawondo awo ndi ouma, sagwada, amapereka madzi ali chilili ngati msilikali, ndipo ng'ombe za m'khola mwawo sizingapite kukalowola mtengo wa bulugamu. Akakana iwowo, ukwati panalibe. Munthu wanzeru akanatha sabata yonse akufewetsa mawondo. Ine ndinaganiza zokonza njinga. Paja wondiperekeza anayenera kukhala mayi wapabanja, ndipo akanakhala ndaninso koma Filomena? Ndiye ndikafike kwa apongozi iye ali patsogolo akunyezimira, ine pambuyo ndikulira ngati nkhumba? Anthu akati mkwatibwi ndi uti?

Loweruka masana ndinapalasa kupita ku Vila. Mu loja ya Mmwenye ndinagula belu, kagalasi ka pahandulo, chovala cha chishalo cha mphonje zachikasu, ndipo m'kabati ya galasi ndinatipeza, timphira tofiira tinayi, tomwe tija. Ndinapita nato kwa a Juliyasi kuti andiikire. Mkuluyo anatitembenuza m'manja, anatikanda ndi chikhadabo, kenaka n'kundibwezera. Anandifotokozera mofatsa kuti timeneti ndi ta mabuleki a waya, otsina limu m'mbali, pamene anga a ndodo amakoka limu cham'kati. Anati ndi tochepa, tikagwedera m'tizitsulo tanga, ndiponso mphira wake ndi wouma, mwina wa misewu ya tala ya m'tauni, osati fumbi lathu lino. Ngati ndikufuna zatsopano, anali nato takuda toyenera njinga yanga.

"Dona pulofesora," anatero, poti ndi mmene ankatitchulira aphunzitsi aakazi, "mabuleki si ndolo. Saikira kuti anthu aone."

Mawu anzeru, eti? Lero ndikhoza kuwalemba pabolodi. Koma tsiku limenelo ndinamva ngati andinyoza. Ndinati mumtima, munthu amene amasaina ndi chala andiuza chiyani ine amene ndinakhoza jeometriya? Ndinathokoza mwaulemu, ndinakulunga timphira tanga pakampango, ulendo wa kunyumba.

Nditafika ndinatulutsa sipanala ya achimwene, ndinachotsa timphira takale n'kutiponya kudzala kuti ndisasinthenso maganizo. Tofiira tija tinalowa m'tizitsulo mosavuta, mosavuta kwambiri, moti tinkagwa tokha monga ananenera a Juliyasi. Sindinagonje. Ndinang'amba tsamba la kaderno yanga yokonzera maphunziro, ndinalipinda n'kutsinira m'mbali. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kachitsulo kogwira mphira kali ndi mbali yotseka ndi mbali yotsegula, ndipo yotsekayo iyenera kuyang'ana kutsogolo, kuti gudumu likamaukoka mphirawo uzikagunda pakhoma osatuluka. Ine ndinaona kuti mbali yotsekayo siikuoneka bwino, ikubisa kufiira, ndiye ndinaiyang'anitsa kumbuyo. Tizitsulo tonse tinayi, mofanana. Ndinali munthu wadongosolo.

Nditaimika njinga n'kuiyang'anira patali, timphira tinali bwino, mphonje zinali bwino, koma malimu anali otuwa ngati miyendo ya mwana m'nyengo yozizira. Tsono nonse mukudziwa chimene timachita kwathu kuno ndi chinthu chotuwa. Mwana akatuwa timam'dzoza. Mkwatibwi timam'dzoza. Ndinatenga kabotolo ka mafuta a nsatsi amene azakhali ananditumizira kuti ndidzadzole pa tsikulo, n'kuyamba kudzoza malimu, kunja, m'kati, pamene mphira umagwira pomwe, mosaumira. Njinga inawala, anzanga, mpaka nkhuku zinabwera kudzadziyang'anira. Otsala m'kabotolo ndiwo ndinasungira miyendo yanga.

Mukufunsa ngati ndinaiyesa? Ndiiyese kuti ilowe fumbi? M'mawa mwake ndinaikankha mpaka kutchalitchi, pafupi pomwepa, n'kuiimika pambali pa ya Filomena. A Sebastião anali atatsogola kale kumudzi, ndiye munthu amene ndinavutikira zonsezi sanaione n'komwe. Filomena ndiye anaiyang'ana, anawerama kuona timphira, anatsegula pakamwa ngati afuna kunena kanthu, koma ine ndinamudula, ndinati tiyeni tachedwa. Ndinaona ngati zamupweteka, ndipo ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, ndikuchokera kumene ku misa.

Njira yoyamba ndi yosalala, panalibe chogwirira mabuleki. Titafika pamwamba pa chitunda, Filomena anatsika monga mwa masiku onse n'kundiitana kuti nanenso nditsike, tikankhe. Ndinati mumtima lero ayi mayi, lero anthu aona yanga. Ndinaliza belu n'kumudutsa msana uli njo, duku latsopano, nsalu yatsopano, pakaliyala dengu la mphatso za apongozi, shuga, sopo ndi mikate.

Poyamba zinali zokoma, kamphepo kumaso, mphonje zikuuluka. Pofika pa mitengo ya mapichesi ndinati ndichepetseko liwiro, ndinagwira mabuleki akumbuyo. Palibe chinachitika, ngakhale kaphokoso. Ndinagwiritsa. Ndinangomva tho, tho, ndipo pakagalasi kanga katsopano ndinaona timphira tiwiri tofiira tikudumphadumpha mumsewu, tikutsalira. Kagalasi kanagwira ntchito yake, tisakanamizire. Ndinagwira akutsogolo. Kachitatu kanauluka n'kunditsogolera, kachinayi kokha ndiko kanakhulupirika, kanakhala pamalo pake kakuterera pa mafuta a nsatsi ngati mlamba m'manja.

Pamenepo ndinaisowa nkhumba yanga. Amayi a pachitsime anaiona njinga, inde, monga ndinafunira, koma anaiona akuthawira m'tchire. Ndinayesa kukwekweza phazi pansi, nsapato inatsala. Ndinayesa kupemphera, Chilatini chinathawa, Chipwitikizi chonse cha ku kolejiyo chinathawa, ndinangotsala ndi "mayo ine!" wa kwathu. Belu ndiye ndinaliza ndithu, poti ndi chokhacho chimene chinkandimvera.

Pansi pa chitunda msewu umakhota kulowera kumlatho, koma njinga inaona kuti kukhota n'kutaya nthawi. Kutsogolo kunali mpanda wa udzu wa nyumba yoyamba ya m'mudzi. Mukuganiza kuti inali nyumba ya yani? Ndinaboola mpanda uja ngati ng'ombe yothawa dibi, gudumu lakutsogolo linakazika mumulu wa nyemba zosapuntha zimene zinkauma pabwalo, njinga inaima, ine sindinaime. Ndinadutsa pamwamba pa handulo, ndinaseseleka pa makoko a nyemba, n'kukathera m'mphepete mwa mphasa, mawondo onse awiri pansi, manja pansi, mutu wowerama. Mikate inandipeza pambuyo, ikugubuduka umodziumodzi.

Pamphasapo panali amayi anayi achikulire ovala za Lamulungu, ndipo chapatali pampando a Sebastião, kukamwa kuli yasa. Ndinkangomva gudumu lakumbuyo likuzungulira lokha mumulu muja. Ndinati ndidzuke, mawondo anakana, ndiye ndinachita chokhacho chimene chinatsala. Ndinaomba m'manja mwaulemu n'kupereka moni, udzu uli m'duku, phazi limodzi lopanda nsapato.

Mayi wapakati, wochepa thupi, wa mikanda yoyera m'khosi, anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana chibowo cha mpanda wawo, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Sebastião, kodi ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyu, amayi."

"Ndinati a ku kolejiyo sagwada. Ndabweza mawu. Uyu wachita kuthamangira kudzagwada, chipata chomwe osachiona."

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo a Nangozo eni ake ndiwo anandidzutsa n'kupita nane kuseri kwa nyumba kukanditsuka mawondo ndi madzi amchere. Anam'thamangitsa mwana wawo, ati uenfermeru wake akachitire kuchipatala, pano pali akazi. Sindikudziwa ngati anandikonda chifukwa cha moni uja kapena chifukwa munthu amene wamuona atagwa sungamuopenso. Mwina zonse ziwiri.

Filomena anafika patapita kanthawi, akukankha njinga yake, m'manja muli nsapato yanga ndi timphira titatu tofiira. Sanaseke, ndipo chimenechi ndimamuyamikira mpaka lero. Anakhala pambali panga kuseri kuja n'kundinong'oneza.

"Mnzanga, bwanji osandifunsa? Timphira timeneti m'fumbi sitigwira. Ukuganiza kuti chitunda chija ndimakankhiranji? Ndinagwera m'dimba la kabichi sabata yoyamba, mwayi kunalibe wondiona. Ndakhala ndikusirira tako tolira tija, koma ndikanachotsa bwanji mphatso ya abambo akunyumba?"

Ndiye taganizani, miyezi yonse ija akazi awiri ophunzira, aliyense akusirira mphira wa mnzake, wina akuti matama pamene mnzake akuopa kufa. Za mafuta a nsatsi sindinamuuze tsiku limenelo. Anadziwa yekha atagwira limu n'kununkhiza chala, ndipo pamenepo ndi pamene anaseka, mpaka a Nangozo anabwera kudzafunsa ngati wina wagwanso.

Lolemba ndinakafukula kudzala kufuna timphira tanga takale, osatipeza. Loweruka tinapita tonse awiri kwa a Juliyasi, ine ndikutsimphina. Mkuluyo sanatiseke. Anatsuka malimu anga ndi palafini katatu, anatembenuza tizitsulo tonse tinayi, anatidulira tonse mphira wa tayala, wa ine ndi wa Filomena. Pomaliza anandipatsa kamphira kofiira kotsala kaja n'kufunsa ngati dona pulofesora angafune akaboole kakhale ndolo.

Ng'ombe zinapita kwathu, ukwati unachitika. Udzu wokonzera mpanda ndinamweta ndekha, ndipo zaka zonse zimene a Nangozo anakhala ndi moyo, akangomva belu la njinga kumtunda ankauza anthu kuti atsegule chipata msanga, mpongozi wawo akubwera ndi ulemu wake. Kuyambira tsiku limenelo mafuta a nsatsi amathera pa miyendo yanga, mabuleki anga amalira mudzi wonse n'kumva, ndipo mnzanga akatsika njinga pamwamba pa chitunda sindimuganizira zoipa. Ndimatsika nanenso, tizikankha.