Kasupe wa m'Theka la Mgolo

Lolemba

Tadala, mwana wanga, waimba foni. Loweruka akubwera ndi makolo a mnyamata amene akufuna kumukwatira, anthu a ku Lilongwe, kudzaona pakhomo. Mawu ake omaliza: "Bambo, chonde, musadzandichititse manyazi."

Manyazi? Ine? Zaka makumi awiri ndakhala ndikusamala maluwa m'mipanda ya mabwana mumzinda womwewo. Ndikudziwa chimene chimakopa maso a anthu a m'tauni: madzi oyenda okha.

Kasupe ndili naye kale pakhonde. Theka la mgolo, kapampu ka sola kamene bwana wanga womaliza anandisiyira, ndi kapaipi. Vuto n'lakuti satumphuka. Amangodontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine.

Zofunika pofika Loweruka:
miyala yoyera
masamba oyandama
tinsomba
madzi otumphuka mpaka m'bondo

Naphiri, mkazi wanga, akuti mgolowo ndi wake wonyikiramo mphale, anangondibwereka.

Lachiwiri

Miyala ndatola kumtsinje. Thumba lonse pamsana, chitunda chonsechi. Ndatsuka umodziumodzi.

Mgolo umamwa ndowa zisanu ndi imodzi. Mjigo uli kumunsi kwa phiri, ndipo mwezi uno wa Okutobala mzere wake ndi wautali. Naphiri watunga ndowa ziwiri, wakhala pansi. "Bambo a Tadala, madzi oti anthu azingowayang'ana, khosi langa ayi."

Ndapita ndekha. Mwamuna wa imvi pamzere wa amayi, ndowa m'manja! A Nangondo, oyandikana nafe, andifunsa ngati Naphiri wadwala. Ndati ayi, ndi za kasupe. Afunsanso ngati madziwo ndi akumwa kapena ochapira. Ndati ndi okongoletsa chabe. Ngakhale wopopa wasiya kupopa.

Pobwera ndi ndowa yomaliza ndapeza abakha a Nangondo, atatu, ali m'kati mwa mgolo. Akusambira mozungulira, mwaulemu, ngati ndinawaitana. Miyala yoyera ija siikuonekanso.

Lachitatu

Kutaya madzi. Kutsukanso miyala. Kumjigo kasanu ndi kamodzi.

Kudambo ndathyola masamba a kakombo, kumtsinje ndagwira timatemba tisanu ndi titatu. Ndaika zonse mumgolo. Kukongola kwake! Ndayima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, monga ankachitira bwana uja.

Ndapita kukasamba. Pobwera, tinsomba tatsala tiwiri. Mphaka wakhala m'mphepete mwa mgolo akunyambita dzanja, osathawa n'komwe.

Masana adutsa a zaumoyo. Asuzumira mumgolo, andiyang'ana. "Madala, mwayamba kuweta udzudzu?" Ndafotokoza kuti madzi oyenda udzudzu suikiramo mazira. Ayang'ana kapaipi kakudontha. Akuti ndiikepo chivundikiro.

Kasupe wa chivundikiro! Ndiye alendo ndidzawaonetsa bwanji, kuvundukula ngati ndiwo?

Lachinayi

Ndapeza chovuta. Sola ili pamthunzi wa mango. Dzuwa silifika, pampu ilibe mphamvu. Nkhani yosavuta.

Ndakwera mumtengo ndi chikwanje. Naphiri pansi akuwerenga timango tanthete tikugwa, akudandaula ngati tinali kale m'dengu. Nthambi yoyamba yagwa bwino. Yachiwiri bwino. Yachisanu inali imene ndinapondapo.

Sindikukumbuka za m'njira. Ndikukumbuka nthaka.

Andinyamula ndi Naphiri ndi a Nangondo, wina kumutu wina kumiyendo. A Nangondo akungoti, "Mayo, munthu wamkulu chonchi." Palibe chothyoka, koma msana ukulankhula chinenero chake.

Ndili pamphasa ndafunsa ngati madzi ayamba kutumphuka. Naphiri wangotuluka.

Lachisanu

Tsiku lonse chigonere. Ndikabuula pang'ono, anthu odzazonda akuyang'anana. A Nangondo abwera katatu. Kachitatu ndawamva panja akuuza wina kuti, "Dzulo anali bwinoko."

Ndakwawa mpaka pakhonde. Dzuwa lili phwii pa sola, pampu ikulira mwamphamvu, madzi akudonthabe. Ndayang'anitsitsa. Paipi ndi yong'aluka kunsi.

Ndiye kuti mango analibe mlandu. Izi Naphiri asadziwe.

Za mawa:
paipi yatsopano kusitolo ya Malomo, m'mamawa
masamba atsopano mumgolo
msewu

Msewu wathu uli ndi zigwembe ziwiri, china kumtunda kwa nyumba, china kumunsi. Galimoto ya m'tauni singadutse osakhula mimba. Nthambi za mango zangounjikana pabwalo. Ndikaziyala m'zigwembemo, zonse zatheka. Nzeru zoterezi sapita nazo kusukulu.

Loweruka, m'mawa

Msana wavomera pang'ono. Nthambi ndayala, kumtunda ndi kumunsi, mopingasa msewu, mwadongosolo. Masamba atsopano ali mumgolo. Naphiri wapita kuchigayo kuseri kwa phiri. Foni ndaisiya m'nyumba ikutchaja, ndakhoma chitseko, ndadzera kanjira kakuseri ndi njinga. Sindinakumane ndi munthu.

Loweruka, madzulo

Izi ndilemba ndithu.

Ndikubwerera cha m'ma 11, paipi nditamanga pakaliyala. Ndikuyandikira kwathu, ndikuona anthu akukankha njinga, zipewa zili m'manja. Kutsogolo nyimbo ya maliro. Miyendo yanga yatsika yokha panjinga. Nanenso ndavula chipewa.

Choyamba chimene ndaganiza: wina wamwalira, ndipo agwiritsa ntchito nthambi zanga osapempha. Chachiwiri: nyimboyi ikuchokera pabwalo panga. Naphiri! Kodi ndi iyeyo?

Amuna akhala pansi pa mango wodulidwa uja. Amayi adzaza khonde. Adzukulu ayima ndi makasu, akudikira kuuzidwa pokumba. Galimoto yoyera yayima kuseri kwa nthambi, siinayerekeze kuponda.

Kumapeto kwa gulu kwakhala bambo wa jekete amene sindikumudziwa. Ndanjuta pambali pake, ndanong'ona: "Pepani bambo, watisiya ndani?"

"Bambo ake a mtsikana amene mwana wathu akufuna kukwatira. Akuti anagwa mumtengo. Ife tangofika, sitinawaonepo n'komwe."

Ndati, "Mwawaona."

Nthawi yomweyo a Nangondo atembenuka. Nyimbo yadukira pakati. Amayi abalalika, wina wadumpha khola la nkhuku, mkulu wa mpingo wabwerera chambuyo mpaka wakhala mumgolo mwanga. Adzukulu ataya makasu.

Umboni wa a Nangondo, atapeza mpweya:
nthambi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi
munthu anali kale wofooka
chitseko chokhoma, foni ikulira m'kati osayankhidwa
Naphiri kulibe, ndiye kuti waperekeza thupi kuchipatala
madzi a masamba pakhomo, osamba pochokera kumanda, okonzeratu

Ndamvetsera mpaka kumapeto. Palibe chotsutsa. Ine ndemwe, wobadwira m'mapiri muno, ndayala chizindikiro cha maliro pakhomo panga ndi manja anga, mwadongosolo!

Naphiri wafika ufa uli pamutu, thukuta lili kamukamu. Panjira anthu atatu amupepesa. "Ndinawasiya akumwa tiyi," akuti anawayankha onse atatu.

Koma Tadala. Iye sanathawe. Wakhala pansi pachitseko, diresi yatsopano yodzaza fumbi, nsapato imodzi palibe, mawu atatha. Anaona nthambi ali m'galimoto, anatsika isanayime. Wandiyang'ana nthawi yaitali, ine nditagwira chipewa ndi paipi. Sanaseke pamene ena ayamba kuseka. Walowa m'nyumba.

Ndachita manyazi ambiri pamoyo wanga. Awa okha andipweteka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikupita. Akufa apume kaye.

Alendo anadya dzulo, nkhuku yonse, ndi anthu ena amene anabwerera kudzatsimikiza. Bambo wa jekete uja ankati akandiyang'ana n'kutsamwa. Ponyamuka, amayi a mnyamata anauza Naphiri kuti: "Pakhomo pofika anthu chonchi m'maola awiri, mwana wathu sadzasowa abale." Ukwati ulipo. Za kasupe sanafunse.

Tinsomba tiwiri tija mkulu wa mpingo anatikhalira.

Tadala anatsala kuti akwere minibasi lero masana. Kuyambira dzulo anali asanandilankhule.

M'mawa uno ndaika paipi yatsopano, poti ndinagula kale. Dzuwa lafika pa sola. Madzi atumphuka mpaka m'bondo, n'kupitirira pang'ono, akugwa pamiyala ndi kaphokoso kaja ndakhala ndikukafuna sabata yonse. Owonerera: ine ndi abakha atatu.

Kenaka Tadala watuluka, wakhala pambali panga. Maso akadali otupa. Waika chala m'madzi.

"Bambo, ndinati musandichititse manyazi. Mawu aja ndabweza. Manyazi ena aliwonse chitani, ndipirira. Koma ndisadzaonenso nthambi pamsewu uwu."

Ndavomera ndi mutu.

Nditamuperekeza, ndachotsa nthambi zonse mpaka tsamba lomaliza. Pampu ndazimitsa. Miyala ndaunjika kuseri. Madzi ndathirira mpiru wa Naphiri, mgolo ndaugubuduza mpaka kukhitchini.

Mphale akunyika mawa.