Madzi a Azetona ndi Njinga Yanga

Ine ndachita zazikulu m'moyo uno. Ndinakwerapo chitunda cha ku Domwe pa njinga nditamanga matumba anayi a kachewere, mphepo n'kumandipempha kuti ndiidikire. Koma lero ndikuuzani zamanyazi, chifukwa akazi anga aNangozo ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi kudimba, ndipo akuifotokoza moipa.

Zinayamba nditachita chizungulire pamsika wa Ulongwe. Kuchipatala aenfermera, anamwino aja, anandimanga lamba pamkono, napopa, nati ndili ndi tensau, ndiye kuti magazi akuthamanga. Ndinawauza kuti magazi a munthu ngati ine sangayende chokwawa. Sanaseke. Anayezanso aNangozo, nawapeza nayo pang'ono. Anati tichepetse mchere, tizimwa madzi a matimati ofinya tokha, tibwerenso mwezi ukatha. Za njinga ndiiwale kaye mpaka nambala ikhale bwino.

Ine ndakalambira pasikelo ya mbatata. Nambala yabwino ndimaidziwa: ndi yaikulu.

Tsiku lomwelo aNangozo anamangirira njinga yanga kumtengo wa pichesi ndi tcheni, kiyi n'kumanga pamfundo ya kapulana yawo, chitenje cha m'chiuno chija. Njinga yomwe yandifikitsa kumalire a ku Kalomwe kambirimbiri moti ikhoza kupita yokha n'kubwerako ndi sopo.

Sabata yomweyo mkamwini wathu wa ku Tete anatibweretsera malata atatu a azetona, tizipatso tobiriwira tosambira m'madzi. Anati kumene zimamera, nkhalamba zimatopa ndi moyo imfa isanazipeze. Atachoka ndinatsegula lata limodzi, ndinanunkhiza, ndipo nzeru zinandifikira. Mankhwala onyika ndakula nawo. Mizu sadya ayi, umamwa madzi ake.

Ndinapapira theka la kapu. Kuwawa kwake, mchere wake, mpaka khutu linagwedezeka lokha. Ndinadziwa kuti apa pali mphamvu.

Basi mpikisano unayambika. M'mawa uliwonse aNangozo ankafinya matimati awo pakansalu, ine ndili ndi lata langa. Ndinawakumbutsa kuti matimati timataira nkhumba msika ukadzaza, pomwe azetona anawoloka nyanja pa sitima kudzafuna ine.

"Imwani, bambo a Rozinya," anatero. "Mukauma tidzakuyanikani pamodzi ndi usipa."

Madzi a m'malata atatha, ndinathiramo a pachitsime monga timachitira ndi mizu. Anali ozizira, opanda ukali. Ndinafufuza pomwe aNangozo anabisa mchere, ndinaupeza m'nsapato yawo ya kutchalitchi, ndipo ndinathira mpaka mankhwala anabwerera mwakale.

Masana ndinkakhala pansi pa pichesi, dzanja lili pachishalo. M'makutu munkalira kabelu, ngiriri, ngiriri, kochokera kutali. Ndikatsinzina ndinkadziona ndikutsetsereka kulowera ku Kalomwe, nkhungu ikupatuka ngati nsalu, maluwa a kachewere akuyera mbali zonse, matayala osakhudza pansi. Osintha ndalama pamalire ankandivulira zipewa. Phiri la Dedza linkasendera pambali kuti ndidutse. Ndikatsegula maso, mapazi anali atatupa osalowa m'nsapato. Ndinati eya, mphamvu zimadzaza ngati thumba, kuyambira pansi.

Mwezi utatha tinabwerera. Anayamba aNangozo. Nambala yawo inali itatsika, ndipo ndinawasisita paphewa kuti asalire pagulu. Kenako ine. Lamba anafufuma, makina analira, nambala inakwera kusiya yoyamba ija kutali.

Ndinaimirira, ndinagwira chanza anthu atatu a pamzere, ndi kutambasula dzanja kuti aNangozo andipatse kiyi.

Aenfermera anandikhazika pansi, nayezanso mkono winawo. Anafunsa motsitsa mawu chomwe ndakhala ndikudya. Ndinatulutsa lata m'thumba la jekete monyadira, tizipatso tonse tili momwemo, titayezuka ngati maso a nsomba.

"Agogo, mwamwa madziwa?"

"Mpaka kuwonjezera."

Anagwira pakamwa. Anati madziwo ndi mchere wosungira zipatso kuti zisaole, ndi otaya. Zipatsozo ndiye zodya, ziwiri zitatu utazitsuka, zili ndi mafuta abwino. Koma kwa munthu wa tensau, madzi a matimati a kudimba kwathu ndiwo ofunika: mavitamini alimo, mchere mulibe. Ndipo nambala imeneyi ikakwera, munthu amagwa.

"Nanga njinga?" ndinafunsa.

"Amayiwa akhoza kukwera. Inu ayi."

Ku Kalomwe ndinafikadi pa njinga yanga Loweruka lotsatira, ndisaname. Nkhungu inalipo, maluwa analipo, mapazi anga sanakhudze pansi. Kungoti ndinali pakaliyala, botolo la madzi a matimati lili pamiyendo, aNangozo akupalasa. Anzanga onyamula katundu pamalire atatizungulira, ndinayamba kuwafotokozera kuti masiku ano ndinalemba woyendetsa.

ANangozo sanacheuke n'komwe.

"Katundu salankhula," anatero.

Kuyambira pamenepo, nambala ikakwera ndimayamba ndafunsa ngati ndi ya mbatata kapena yanga.