Nanga Mlatho Adzamanga Ndani?

A Blasius a ku Nayuchi sankatha kuyankha moni osalitchula boma. Ukati, "Mwadzuka bwanji?" iwo ankati, "Ndadzuka ndekha, boma silinandidzutse." Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteshoni, ndipo wobwera ndi tayala lophulika ankachoka ndi tayala labwino koma makutu atatopa.

Matendawa anakawatola ku Balaka. Chaka china cha chisankho kunatulukira munthu woima payekha pa mpando wa pulezidenti, chizindikiro chake chitseko chotsegula. Ankati boma lichepe, misonkho itsike, mlimi agulitse nandolo wake kumene akufuna. A Blasius anakwera sitima kukamumva. Pamsonkhanopo panalibe nsalu, tisheti ngakhale kasopo, kotero anthu anabalalika mkuluyo asanamalize malonje. Anatsala a Blasius ndi mayi wina wogulitsa chinangwa. Pobwera kumeneko anali atatembenuka mtima.

Wotsutsa wawo wamkulu anali a Enock, mlongo wa mkazi wawo mayi Clementina. A Enock analibe njinga, koma tsiku lililonse ankabwera pamango paja kudzakhala pa tayala lakutha, ntchito yake kuputa mlamu.

"Alamu, munthu wanu uja akuti makuponi a feteleza athe. Tidzadya chiyani?"

"Kuponi ndi thukuta lanu lomwe, alamu. Akulandani mbuzi, akubwezerani mchira, inu n'kumavina."

"Mchirawo ndi ndiwo."

"Ndiye vuto lanu limenelo. Munazolowera mchira."

Kuponi yawo a Blasius ankaikana poyera. Mayi Clementina ankakaitenga mwakachetechete. Chimanga chikabiriwira, bambo ankaima m'mbali mwa munda n'kumaitana odutsa: "Taonani chimanga cha munthu waufulu." A Enock ankachidziwa chinsinsicho, ndipo kuchisunga kunkawawawa kuposa dzino, koma mlongo ndi mlongo.

Kampeni itafika pachimake, a Blasius anazula chitseko cha nyumba yawo kuti mudzi uone chitsanzo. Oyamba kulandira uthengawo anali mbuzi za aneba, zimene zinalowa n'kuthana ndi mpunga wa mbewu. Mayi Clementina sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, chitseko chibwerere, apo ayi nditulukira pomwepo potsegulapo." Chinabwerera dzuwa lisanapendeke. A Enock atafunsa, a Blasius anayankha nkhope ili gwa: "Ufulu ndiye kuti mwini nyumba asankhe yekha. Mwini nyumba asankha."

Koma a Enock anali ndi funso limodzi limene ankalisungira pomaliza, ngati nyama ya m'mbale. Pakati pa mudzi ndi tsidya kumene kuli tchalitchi, chipatala, sukulu ndi manda pamadutsa mtsinje wa Namasupa. Mlatho wake unapita ndi madzi kalekale, ndipo ofuna mavoti onse ankaulonjeza. Wina mpaka anadzaikapo mwala wa maziko, umene amayi anayamba kuchapirapo zovala.

"Chabwino, boma lachoka. Nanga mlatho adzamanga ndani?"

"Ifeyo."

"Ifeyo ndani? Inu ndi pampu yanuyo?"

Loweruka lotsatira anthu anaona a Blasius akukankha njinga yodzaza miyala kulowera ku Namasupa. Anthu anaseka, Loweruka linalo anasekanso, mpaka kuseka kunawatopetsa koma mkuluyo osatopa. A Enock anasamutsa tayala lawo n'kukaliika m'mbali mwa mtsinje, chifukwa mkangano sungauchite wekha.

"Alamu, mutu umodzi susenza denga."

"Ndiye bweretsani wanuwo, ukungokhala."

Nthawi zina a Enock ankanyamula mwala n'kuwapatsira, ati akungofuna kumva kulemera kwake.

Chisankho chinabwera, chitseko chotsegula chinagwa chagada. Pamalo awo oponyera voti chinapeza mavoti awiri. A Blasius anasangalala ngati apambana. Imodzi inali yawo, nanga inayo? Anafunsa mayi Clementina, iwo anati, "Iyayi, musandinamizire." Anafunsa a Usumani osema mabwato, anafunsa akatekisiti, anafunsa aliyense wobwera ndi tcheni choduka. Sanamupeze, komabe ankati, "Tilipo awiri. Boma liyambe kuda nkhawa."

Zipilala za miyala zinakwera pang'onopang'ono tsidya lino ndi tsidya lija, koma pamwamba panalibe kanthu, chifukwa mitengo yoyalapo munthu mmodzi sangainyamule. Kenaka a Blasius anayamba kutsokomola. Tsiku lopita kuchipatala, a Enock anawabereka kumsana, madzi akufika m'chiuno.

"Mukupita kukamwa mankhwala a boma, alamu."

"Ndinalipira kale. Shuga aliyense amene ndinagula anali ndi msonkho."

A Enock anamva mmene mlamu wawo anapepukira, ngati mwana, ndipo anangopitiriza kuwoloka. Ali pakati pa madzi, a Blasius anawanong'oneza: "Ulendo winawo musadzandiwolotse pamsana. Ndikufuna ndidzadutse pamwamba."

Anamwalira mu Febuluwale, mvula itagwa sabata yonse. Namasupa anadzaza mpaka m'mabango. Adzukulu a tsidya lija anali atakumba kale manda, koma onyamula bokosi anati madzi amenewa sawoloka nalo. Ena anati angowaika kuno kuseri kwa nyumba. Ena anati atumize uthenga ku boma. Bambo wina anapukusa mutu n'kunena, osati mwachipongwe, "Eee, mlatho umenewu adzatimangira ndani?"

A Enock, amene anatsutsa mawuwo zaka zonsezi, anangomva pakamwa pawo payankha pokha: "Ifeyo."

Anayamba ndi kugwetsa bulugamu wawo yemwe. A Usumani anabwera ndi matabwa a bwato limene anali asanalikhome, pamodzi ndi anzawo a kumzikiti. Akwaya anavula mayunifolomu n'kugwira zingwe, amayi akutuntha miyala pamutu. Mwambo unachedwa, ansembe anadikira tsidya lija atakwinya mkanjo, koma zipilala za a Blasius sizinagwedezeke. Madzulo bokosi linadutsa pamwamba, a Enock atagwira kutsogolo, misozi ili chuchuchu. Anthu analira, ndipo ena ankaseka ali mkati molira.

Lero ana amapita kusukulu mvula ikugwa, amayi oyembekezera amafika kuchipatala zitenje zili zouma. Mukafunsa za voti yachiwiri ija, mudzi wonse ukuti inali yawo, mpaka anyamata amene nthawi imeneyo anali kuyamwa.

Koma pamango paja pali zii. Wokonza njinga watsopano amangoti, "Ndadzuka bwino, kaya inu," basi nkhani yathera pomwepo. A Enock sanasinthe maganizo. Akuti boma likufunikabe, ndipo mfundo ali nazo zambiri, zina zatsopano, kungoti alibe wozimva. Loweruka lililonse amapita ku Namasupa ndi hamala kukakhoma misomali imene yazuka. Akamaliza amaponda thabwa mwamphamvu, n'kuyang'ana kumanda kuja.

"Komabe, alamu, chimanga chija chinali cha kuponi."

Akatero amaima kaye pang'ono, kudikira yankho.