Imelo ya Mulamu Yokana Kutseguka

Mpaka lero amake Tisa sandisiyira foni ndili ndekha, ndipo sindingadandaule, mlandu ndi wanga.

Pakhomo pathu ku Chalimbana foni ndi imodzi. Lachinayi lina mkazi wangayu ali kudimba, munalowa imelo yochokera kwa mulamu wanga wa ku Petauke, mutu wake: "Onani nokha, musauze munthu." Abale inu, mawu otere kwa ine ali ngati mchere kwa mbuzi.

Ndinadina. Foni inati uthengawo ndi waukulu, malo mulibe. Ndinadinanso kasanu (ngati kuti ichita manyazi). Ndinakwera pachulu, ndinaizima n'kuiyatsanso, simu ndinaipukuta ndi malaya, koma ayi ndithu. Kumuimbira mulamu, foni yake yozima. Mtima unali dyokodyoko: wapeza mkazi wachiwiri kodi? Kapena ndi za munda wa malemu apongozi?

Ndiye ndinayamba kupalira m'fonimo. Zithunzi za chimanga ndinafufuta, mauthenga a maluwa aja a "mwauka bwanji" ndinafufuta, malo osakwanabe. Kenaka ndinapeza timafayilo khumi ndi tiwiri topanda maina. Nditatsegula kamodzi ndinangomva mayi wina akutsokomola, ndinati zinyalala izi, tonse tinapita.

Imelo inatseguka! Inali vidiyo ya nkhumba ya mulamu ikuyamwitsa ana khumi ndi anayi, iye akuwerenga mokweza, kulakwitsa, n'kuyambiranso. (Chinsinsi chonsecho ankaopa akuba.) Ndinaonera mpaka kumapeto, kuti mwina kubwera china.

Amake Tisa atabwerako anatenga foni n'kufunsa kumene kwapita nyimbo zawo. Timafayilo tija tinali nyimbo zimene anakajambula kwa aphunzitsi a kwaya ku Kasisi, poti Loweruka iwo ndiwo ankatsogolera kuimba pa ukwati wa mwana wa mng'ono wawo kumeneko. Wotsokomola uja anali aphunzitsiwo, akukonza kummero.

Sanakalipe, ndipo ndicho chinandiopsa. Anangoti, "Atate ake Tisa, nionetseni chamene mwagula na nyimbo zanga." Ndinawaonetsa nkhumba.

Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka ku Kasisi. Aphunzitsi anavomera kuimbanso zonse, koma nditafotokoza kaye nkhaniyi pamaso pa kwaya yonse. Pa ukwati mkazi wanga anaimba bwino zedi, ine azimayi akungondipatsa moni kuti ana a nkhumba agona bwanji.

Dzulo mulamu watumiza ina, yaikulu kuposa ija. Foni yamangidwa pa chitenje cha amake Tisa. Ndaphunzira ndithu, kungoti ndikufuna kudziwa ngati ana aja akadali khumi ndi anayi.